Funso la pa Doko la Kachulu

Pa doko la Kachulu, pomwe msewu wochokera ku Zomba umathera m'madzi a Chilwa, mlendo sakhalitsa asanafunsidwe kuti, "Kodi kwanu n'kuti?" Amafunsa ndi amayi odikira matemba, amafunsanso ndi anyamata a maboti opita ku Chisi. Yankho limakhala mudzi, mfumu ndi boma: kwa Mwambo, kwa Kuntumanji, ku Phalombe. Za mtundu zimabwera mochedwa, ndipo zikabwera yankho limatalika. Wina amakuuzani kuti agogo ake aakazi anali Alomwe, bambo ake ndi Myao, koma iye chibadwire amayankhula Chinyanja. Mukamuumiriza kuti asankhe mtundu umodzi, amatchula wa mayi ake, poti kuno mwana ndi wa kuchikazi ndipo bambo ndi mkamwini.

Ku America funso lomweli limayambira pa khungu. Kuyambira kalembera wawo woyamba mu 1790, boma lakhala likuwerenga anthu powagawa m'magulu, poyamba azungu aufulu, anthu ena aufulu ndi akapolo. Mu 1868 malamulo a dzikolo anasinthidwa kuti aliyense wobadwira kumeneko akhale nzika, komabe unzika wa papepalawo sunathetse mpanda. Mu 1924 boma la Virginia linakhazikitsa lamulo loti munthu amene ali ndi kholo lakuda ngakhale limodzi, la kale bwanji, sangawerengedwe ngati mzungu, ndipo sangakwatirane ndi mzungu. Malamulo oletsa maukwati otere anathetsedwa ndi khothi lalikulu mu 1967, ife titalandira kale ufulu wodzilamulira. Ndipo mpaka chaka cha 2000, kalembera sankalola munthu kuchonga mitundu iwiri. Munthu wa pa Kachulu uja, amene amatchula mitundu itatu popanda kuchita manyazi, akanasowa pochonga.

Mmalawi wina anakumana nazo zimenezi maso ndi maso. John Chilembwe anapita ku America mu 1897 pamodzi ndi Joseph Booth, nakaphunzira ku Lynchburg, m'boma lomwelo la Virginia. Kumeneko palibe ankafuna kudziwa ngati anali Myao kapena Mmang'anja. Anali munthu wakuda, basi, wofanana ndi zidzukulu za akapolo zimene zinalandidwa mayina, zilankhulo ndi midzi ya makolo awo. Apa m'pamene ndimamvetsa chifukwa chake anthu akuda a ku America amagwiritsitsa dzina loti African American, limene Jesse Jackson analimbikitsa mu 1988. Mzungu wa ku Chicago amene makolo ake anachokera ku Ireland amavala zobiriwira pa 17 Malichi, mawa lake n'kuvula. Wakuda alibe chovula. Dzina la mtundu wake linamupeza kudzera m'malamulo, kwa apolisi ndi kwa eni nyumba za lendi, ndipo iye analitola n'kulisandutsa ulemu.

Tisafulumire kunena kuti zimenezi n'zakutali. Alomwe ambiri a m'mbali mwa Chilwa, ku Phalombe, ku Chiradzulu ndi ku Mulanje ndi zidzukulu za anthu amene anawoloka kuchokera ku Mozambique kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, pothawa msonkho, njala ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Atafika kuno anagwera m'thangata m'minda ya azungu, monga ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene anthu a Chilembwe anaukira pa nkhondo yake ya mu Januwale 1915. Alomwewo anapatsidwa dzina lonyoza loti Anguru, ndipo boma la atsamunda linkalilemba m'mabuku ake. Zinatengera Lewis Bandawe ndi bungwe la Alomwe limene anayambitsa mu 1943 kuti dzinalo lichoke m'makalata a boma. Koma manyazi anali atalowa kale m'nyumba. Makolo ambiri anasiya kuyankhula Chilomwe pamaso pa ana, ndipo lero m'midzi yambiri ya kwa Mwambo mawu a Chilomwe atsala m'kamwa mwa okalamba okha.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene amati magulu a chikhalidwe angothetsedwa kuti tonse tikhale Amalawi chabe. Mu 1915 Theodore Roosevelt, yemwe anali atakhalapo pulezidenti wa America, anadzudzula anthu ophatikiza dzina la dziko la makolo awo ku dzina la America. Ife tinayesa mankhwala omwewo. Mu 1968 msonkhano wa chipani cha MCP unasankha Chichewa kukhala chilankhulo cha dziko, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi. Chichewa chinatigwirizanitsadi, ndipo ndi chimene chimathandiza msodzi wa ku Nkhata Bay kutsatsa malonda pa Kachulu. Koma umodzi wouza ena kuti akhale chete unasiya chilonda. Mu 1989 aphunzitsi analamulidwa kubwerera ku zigawo za kwawo, ndipo pa chisankho cha 1994 mavoti anagawikana molunjika: Bakili Muluzi kummwera, Kamuzu Banda pakati, Chakufwa Chihana kumpoto.

Pamene Mulhako wa Alhomwe unakhazikitsidwa pa Chonde ku Mulanje mu 2008, agogo ambiri anavina tchopa akulira ndi chimwemwe, ndipo misozi imeneyo inali yoona. Achewa ali ndi Kulamba ku Mkaika, Angoni a ku Mzimba ali ndi Umthetho ku Hora, Atumbuka ali ndi Gonapamuhanya. Palibe cholakwika kuti munthu adziwe gule wa kwawo, chiwongo chake ndi njira imene makolo ake anadzera. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti miyambo imeneyi yayandikana kwambiri ndi mipando ya ndale. Mulhako unayambitsidwa ndi pulezidenti ali pampando, Bingu wa Mutharika, ndipo kuyambira pamenepo anthu wamba a mitundu yonse amakayikira kuti ntchito za m'boma ndi makontirakiti zimatsata mtundu wa amene akulamula. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Achewa ndi 34.4 pa 100 alionse, Alomwe 18.9, Ayao 13.3. Manambala amenewa akakhala m'manja mwa mphunzitsi amathandiza kulemba mabuku a zilankhulo zathu. Akagwera m'manja mwa wofuna mavoti amasanduka mpeni wodulira dziko.

Chilwa chimatiphunzitsa mbali inanso. Kutsidya kwa nyanjayi ndi ku Mozambique, ndipo kumeneko kuli Alomwe ndi Anyanja amene ndi abale enieni a anthu a kuno. Pa nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo dziko lino linalandira othawa oposa 1 miliyoni, ndipo ambiri anafikira m'makomo mwa achibale. Komabe mwana wa ku Chisi akadwala kolera amathamangira ku chipatala cha boma la Malawi, mayeso ake ndi a MANEB, nsomba zake amagulitsa pa kwacha. Nyanja itauma mu 1995, ndiponso itaphwera kwambiri mu 2018, makumba ndi mlamba zitasowa, asodzi a m'zimbowera anayang'ana ku Zomba ndi ku Lilongwe kuti thandizo lichokere kumeneko. Umalawi wake ndi umenewo: si magazi, koma udindo umene boma lili nawo pa iye, ndi umene iye ali nawo pa mnzake woponya naye khoka.

Aamerika akulimbana ndi mpanda umene makolo awo anaumanga ndi malamulo kwa zaka mazana. Ife mpanda wotero tilibe, ndipo maukwati a m'mbali mwa Chilwa akhala akusakaniza mitundu kuyambira kale. Inu atsogoleri a Mulhako, a Chiwanja cha Ayao ndi a magulu ena onse, phunzitsani ana chilankhulo, magule ndi mbiri ya makolo awo, koma nsanja ya mwambo musaibwereke kwa chipani chilichonse.