Chifukwa Chake Mlangizi Adumpha Munda Wanu

Alimi a mpunga a ku Hara, ena mwa inu mumadandaula kuti popima zokolola mlangizi amapitirira munda wanu wochita bwino nakayeza wa mnzanu wodzala udzu. Si kukondera ai. Minda ya m'sikimu ndi yambiri, sitingathe kuipima yonse msika usanatsegulidwe. Tsono munda uliwonse timaupatsa nambala ndipo timachita maere. Munda wa pafupi ndi ngalande yaikulu ndi wa kumapeto kosowa madzi ili ndi mwayi wofanana.

M'minda yogwera maere timadula kachigawo koyezedwa, kupuntha, kuyanika ndi kuika pasikelo. Timaphatikiza makilogalamu onse ndi kuwagawa ndi chiwerengero cha mindayo. Yankho lake ndiyo avereji. Ngakhale ofesi ya zowerengera ku Zomba, pa kafukufuku wa zaulimi wa 1968/69 ndi 1980/81, idangopima minda yosankhidwa.

Avereji imeneyi siikhala ndendende. Imaphonya, makamaka minda ikasiyana kwambiri, wina Kilombero wopanda feteleza, wina Faya wosamalidwa. Zindikirani kuti pofuna kuchepetsa kuphonyako ndi theka, kuwirikiza minda kawiri sikukwana. Pamene tidapima 25 pafunika pafupifupi 100.

Mlangizi akasankha ndi maso amakopeka ndi minda yokongola, ndipo avereji imakwera. Akamangoyenda kumapeto imatsika, matumba ndi ndalama zogulira mpunga nkuperewera pamsika inu muli pamzere. Choncho maere akagwera munda wanu, musamlondolere kwina, ndiponso musakolole pamene pazikidwa zikhomo iye asanabwere.