Paipi ikatsekeka pa Boma, ndalama zimapita kuti?

M'mwezi wa February ndinadzuka m'mawa wina n'kupeza madzi a m'bafa atasefukira mpaka pakhonde. Fungo lake musachite kufunsa. Ndimakhala nyumba ya lendi pano pa Chitipa Boma, puloti imodzi mabanja atatu, ndipo madzi a m'masinki ndi m'mabafa mwathu amakumana m'paipi imodzi. Kwa masabata awiri madzi ankatsika monyinyirika, tonse tinkaona, koma aliyense ankati mnzake ndiye awuze alandilodi. Pomaliza tinasonkherana K60,000. Kwa ine amene koleji ndinasiyira panjira chifukwa cha fizi ndipo ndimadya za m'manja, gawo langa la K20,000 linandiwawa heve.

Ndiye ndinakhala pansi n'kuwerengera kuti ndalamazo zinapita kuti. K10,000 inali ya pulambala, kubwera ndi kufufuza. K20,000 inapita kwa anyamata awiri a ganyu amene anakumba. K30,000 yotsalayo tinagulira chidutswa cha paipi, zolumikizira, guluu ndi simenti pang'ono. Kuchotsa chinthu chimene chinatseka paipiyo, mpira wa mafuta ouma osakanikirana ndi tsitsi ndi mchenga, sikunatenge ngakhale mphindi khumi. Apa m'pamene ndinazindikira kuti sitilipira kutsegula paipi ayi. Timalipira mtunda umene vuto layenda tisanachitepo kanthu.

Kuno zonse zimathera pabwalo pako

Ku Lilongwe ndi ku Blantyre kuli madera ena amene nyumba zake n'zolumikizidwa ku mapaipi akuluakulu a sewer, otenga madzi oipa kupita nawo kutali. Kuno kulibe zimenezo. A Northern Region Water Board amatibweretsera madzi abwino mpaka pa mita, basi. Madzi akadutsa pamenepo ndi ako, ndipo ukawagwiritsa ntchito amathera pa puloti pomwepo: mu septic tank ngati muli ndi toileti yogejemula, m'dzenje la miyala lija amati soak away, kapena m'kangalande kopita kuseri kwa nyumba. Zikavuta, ndi iwe, alandilodi ndi thumba lanu.

Masitepe anayi a mtengo

Sitepe yoyamba ili pansi pa sinki penipeni. Kapaipi kokhota kaja sanakakhotetse mwangozi. Kamasunga madzi pang'ono kuti fungo la m'dzenje lisabwerere m'nyumba, koma n'komwenso kamakola mpunga, zotsalira za nsima ndi tsitsi. Ngati sinki imodzi yokha ndi imene ikuvuta pamene bafa likuyenda bwinobwino, vuto lili pomwepo. Ikani ndowa pansi, masulani ndi manja, tsukani, bwezeretsani. Mtengo wake ndi sopo wosambira m'manja.

Sitepe yachiwiri ndi paipi yotuluka panja. Ya sinki ndi bafa nthawi zambiri imakhala ya 50mm, ya toileti 110mm. Apa pamafunika pulambala ndi ndodo zake zolumikizana kapena waya wautali. Ngati nyumba ili ndi kabokosi kasimenti panja kokhala ndi chivundikiro, kamene amati manhole, ntchito imaphweka: amatsegula, amaona mbali imene madzi aima, amalowetsa ndodo. Mumalipira ntchito ya manja yokha.

Sitepe yachitatu ndi imene inatipweteka ifeyo. Nyumba yathu anamanga opanda manhole ngakhale imodzi, ndiye pulambala sakanadziwa pamene patsekeka popanda kukumba. Anakumba malo awiri, anaswa simenti ya pakhonde, anadula paipi. Chilichonse chimene wadula kapena kuswa, umagula china. Ndipo kumbukirani kuti zipangizo zimenezi sizipangidwa kuno. Zimayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Karonga, zina zimachokera kutali kuposa pamenepo, ndipo thiransipoti yonseyo imalowa mu mtengo wa pa hardware. Onjezanipo kugwa kwa kwacha ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako 44 peresenti mu November 2023. Mtengo umene mnzanu analipira chaka chatha musaudalire, pitani mukafunse nokha.

Sitepe yachinayi ndi yoopsa kwambiri ku thumba. Ngati toileti, bafa ndi sinki zonse zikubweza madzi nthawi imodzi, mwina paipi ilibe vuto, koma septic tank yadzaza kapena soak away yasiya kumwa madzi. Izi zimakonda kuchitika kuyambira December mpaka April, nthaka ikakhuta mvula. Apa nkhani yake ndi yopopa tanki kapena kukumba dzenje lina, kupeza miyala ndi kuumba chivundikiro. Galimoto yopopa ikachokera kutali, mafuta ake opita ndi kubwera mumalipira ndinu.

Chimatseka n'chiyani?

Mdani wamkulu ndi mafuta ophikira. Akakhala otentha amaoneka ngati madzi, koma akalowa m'paipi yozizira amagwirana n'kumata m'mbali. M'miyezi ya June ndi July, kuno kukamazizira, amauma msanga. Wachiwiri ndi mchenga ndi phulusa zimene timakwechera mapoto. N'zolemera, siziyenda ndi madzi, zimangokhala pansi pa paipi n'kumadikirira mafuta aja. Kenako pali tsitsi ndi mameshi, mapampasi, mapadi, nyuzipepala ndi majumbo. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60 mu 2015, ndipo khoti la Supreme linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma jumbo ikalowa m'paipi siwola, imangokhala ngati ukonde wokola zina zonse.

Nthawi zina si ife olakwa, ndi mamangidwe. Paipi imafuna kupendekeka pang'ono, pafupifupi masentimita awiri ndi theka pa mita iliyonse. Ikagona chathyathyathya, zinyalala zimatsalira. Mizu ya mango kapena bulugama nayonso imatsata chinyezi n'kulowa molumikizira mapaipi. Ngati paipi yanu imatsekeka malo omwewo miyezi ingapo iliyonse, mukutaya ndalama poitana munthu wa ndodo. Pakufunika kukonza.

Njira zachidule zimene zimadula

Ambiri timathamangira caustic soda. Amatha kusungunula mafuta ochepa, koma mchenga ndi jumbo sachita nazo kanthu. Paipi ikakhala yotsekekeratu, mankhwalawo amangoima m'madzimo, ndipo amene adzamasule paipiyo akhoza kupsa manja kapena maso. Mukathira, muuzeni pulambala asanayambe ntchito. Musasakanize mankhwala osiyanasiyana, makamaka Jik ndi mankhwala a asidi, chifukwa zimatulutsa mpweya wa poizoni. Madzi owira kwambiri nawonso amafewetsa PVC, otentha bwino ndi sopo akwanira.

Ndipo chonde, musalole mnyamata wa ganyu kulowa mu septic tank, kaya akuti atchipitsa bwanji. M'menemo mumakhala mpweya umene umakomola munthu asanakuwe n'komwe. Palibe ndalama imene mungapulumutse yofanana ndi moyo wa mwana wa eni.

Kungosiya madzi akuyenda pabwalo nakonso kuli ndi bilu yake. Chithaphwi ndi nyumba ya udzudzu, ndipo ngati madziwo ali ndi za kuchimbudzi, tonse tikukumbuka kolera ya 2022 mpaka 2023 imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Ana a pa puloti amasewera pomwepo.

Alipire ndani?

Pa puloti pathu mkangano unali apa. Alandilodi anati ndife tinathira zinyalala, ife tinati iwo ndiwo anamanga opanda manhole. Zoona zake, mbali zonse zinali ndi mfundo. Mmene ndikuonera ine, chimene chatsekeka ndi tsitsi langa kapena mafuta anga ndi changa. Koma paipi yosweka, yogona molakwika, mizu ya mitengo ndi tanki yodzaza ndi nkhani ya mwini nyumba. Vuto n'lakuti ambirife timalowa nyumba pongogwirana chanza. Musanapereke lendi yoyamba, funsani kuti madzi oipa amapita kuti, manhole ili pati, tanki anaipopa liti. Zimene mwagwirizana zilembeni, ngakhale pa WhatsApp pokha.

Pulambala akabwera, gwirizanani mtengo asanagwire khasu. Ntchito ya manja payokha, zipangizo pazokha, ndipo ngati n'kotheka mukagule nokha ndi lisiti. Akamaliza, akuonetseni chimene chinatseka, muthire ndowa ziwiri zamadzi iye ali pomwepo.

Ifeyo tinapempha kuti pamene anadula paipi paja asakwirire, amangepo kabokosi ka njerwa ndi chivundikiro. Alandilodi anavomera kuchotsa mtengo wa njerwazo pa lendi. Panopa pa sinki yanga pali kasefa ka waya, mafuta otsala ndimathira m'chitini, ndipo mapoto a mchenga timatsukira panja. Sabata yatha bafa linayambanso kumwa madzi mochedwa. Ndinatsegula kabokosi kaja tsiku lomwelo, n'kukoka tsitsi lodzaza dzanja ndi waya wa hang'ala. Sindinalipire olo tambala.