Kodi Mtima Wopezerera Anzathu Umachokera Kuti?

M'chaka cha 1922 katswiri wina wa ku Norway, Thorleif Schjelderup-Ebbe, adasindikiza zimene adaona pakati pa nkhuku. Adapeza kuti m'khola nkhuku sizijomphana mwachisawawa: ilipo imene imajompha zinzake zonse osabwezeredwa, inanso imaopa imodzi yokha, mpaka kufika pa yotsiriza imene zonse zimaipirikitsa pa madeya. Mayi aliyense woŵeta nkhuku kumudzi akadamuuza zomwezo. Komabe kuchokera pamenepo anthu ophunzira adayamba kufunsa ngati mnyamata wolanda ndiwo za mnzake wamng'ono m'chipinda chodyera sakutsata lamulo lomweli. Funsoli ndi lathu ndithu, pakuti ambiri mwa ife tidzapatsidwa udindo woyang'anira sukulu zogonera komweko ndi maseminale aang'ono, kumene ana a eni amagona kutali ndi makolo ao.

Tiyambe tasiyanitsa kupezerera ndi ndewu wamba. Dan Olweus, amene adalemba buku lake loyamba pa nkhaniyi ku Sweden mu 1973, adaphunzitsa kuti timati munthu akupezereredwa pamene wina akumuchita chipongwe mwadala, mobwerezabwereza, iye alibe mphamvu zodzitetezera. Anyamata aŵiri ofanana msinkhu akamenyana pa mpira, imeneyo ndi ndewu chabe. Mwa njira, mawu a Chiswidi amene Olweus adatchulira mwana wozunzidwa pa mutu wa bukulo amatanthauza kamwanapiye kojomphedwa. Ku Norway boma lidadzidzimuka mu 1983, anyamata atatu atadzipha chifukwa cha kuzunzidwa ndi anzao.

Otsata chiphunzitso cha kusintha kwa zamoyo amati khalidwe limene limapindulitsa mwini wake silizimirira msanga m'mibadwo. Anthony Volk wa ku Canada ndi anzake adalemba mu 2012 kuti wopezerera amapata zinthu zitatu: katundu, kutchuka, ndi mwayi wokopa atsikana kapena anyamata. Galu wamkota sakandira pachabe. Nzeru yake yagona pa kusankha wofooka, chifukwa potero amaonetsa mphamvu popanda kuika thupi lake pangozi. Ndipo uthenga wake sapereka kwenikweni kwa wozunzidwayo, koma kwa onse oonerera, kuti adziŵe mwini bwalo.

Apa mpamene maganizo athu a masiku onse amapunthwa. Timakonda kunena kuti mwana wozunza anzake ndi wamantha mumtima, wodziona wachabechabe, wosoŵa chikondi. Alipo otere, makamaka aja amene amazunzidwa kwinaku nawonso akuzunza ena. Koma Olweus sadapeze kuti opezerera ambiri amadzikayikira, ndipo mu 1999 Jon Sutton ndi anzake ku England adaona kuti atsogoleri a magulu ozunza amaposa ana ena pa luso lozindikira zimene mnzao akuganiza. Amadziŵa pamene pali chilonda, amadziŵanso nthaŵi imene mphunzitsi watembenuka. Kunena mosabisa, mwana wotere ndi amene ife akuluakulu timamuyamikira kuti ngwochangamuka, mwinanso nkumusankha kukhala woyang'anira anzake.

Muzu wina udaoneka pa anyani a ku Kenya amene Robert Sapolsky adakhala akuwafufuza zaka zambiri. Nyani wamwamuna akagonja pa ndewu, kaŵirikaŵiri amakaluma wina wamng'ono amene sadalakwe kanthu, ndipo uyunso amakakankha mnzake wochepera. Mkwiyo umatsika ngati madzi, kufuna kotsetsereka. Kodi si zimene zimachitika pamene wa Fomu 2 asambitsa wa Fomu 1 madzi ozizira usiku, nadzilungamitsa kuti nayenso adadutsa momwemo?

Oonerera nawo ali ndi gawo lao. Christina Salmivalli wa ku Finland adasonyeza mu 1996 kuti m'kalasi pafupifupi mwana aliyense ali ndi mbali yake: ena amathandiza wozunza, ena amangoseka, ena amayang'ana kumbali, oŵerengeka okha ndiwo amatchinjiriza. Kuseka kuja ndiye malipiro a wopezerera. Woyang'ana kumbali amadziŵa bwino kuti chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe, koma mwambiwu amaumva mokhota: m'malo mothandiza, amabisala kuti maŵalo lichedwe.

Wophunzira za Mulungu angade nkhaŵa kuti tikanena kuti khalidweli lili ndi mizu m'chibadwa, ndiye kuti tachotsa mlandu pa wolakwa. Ine sindiona choncho. Kufotokoza kumene chilakolako chimachokera sikulamula kuti munthu achitsate, monganso njala siipereka chilolezo cha kuba. Ndiponso chibadwa chomwecho chili ndi mbali ina: Christopher Boehm adalemba mu 1999 kuti m'magulu a anthu okhalira ulenje ndi kutola zipatso, ofooka amagwirizana kutsitsa wodzikuza pomuseka, pomusala, ngakhale pomuthamangitsa.

Anyani a Sapolsky aja adaonetsanso chinthu chimene iye sadachiyembekezere. Pakati pa 1983 ndi 1986, pafupifupi theka la anyani aamuna a gulu lina adafa ndi chifuwa chachikulu atadya nyama yodwala pa dzala la hotela ya alendo. Adafa ndi aukali okhaokha, popeza ndiwo anali ndi mphamvu zolimbirana zotayidwazo. Gululo lidasanduka lofatsa. Sapolsky atayambanso kulifufuza mu 1993, aamuna akale onse anali atatha, pakuti nyani wamwamuna akakula amachoka m'gulu limene adabadwira. Koma kufatsa kuja kudalipobe pakati pa aamuna obwera kuchokera kwina. Iye ndi Lisa Share adalemba mu 2004 kuti m'gulu limeneli anyani aakazi ankayandikira mlendo ndi kumupesa ubweya msanga kuposa m'magulu ena.