Nyanja ya Mozambique ikusowabe mlonda

Maboti 24 ophera nsomba za tuna omwe kampani ya boma ya Ematum inagula ku France anakhala zaka akuchita dzimbiri padoko la Maputo. Anagulidwa ndi ngongole ya madola 850 miliyoni ya mu 2013, gawo chabe la madola pafupifupi 2 biliyoni omwe Mozambique inakongola ponena kuti ikufuna kudyerera nyanja yake ndi kuilondera. Ngongole zobisika zitaululika mu 2016, bungwe la IMF linaimitsa thandizo, ndipo mu 2024 khoti la ku New York linapeza Manuel Chang, yemwe anali nduna ya zachuma, wolakwa pa nkhani ya ngongolezi. Lero ukatchula ndalama zoyang'anira nyanja, ambiri amangopukusa mutu.

Komatu akubawo sanachotse kufunika kwa ntchitoyo. Gombe la dzikoli ndi lotalika makilomita oposa 2,400. Ku Sofala Bank kumaphedwa nkhanu za prawns zogulitsa kunja. Ku Rovuma kuli gasi yemwe anayamba kutumizidwa kunja mu 2022. Pa Beira ndi Nacala pamatsikira ena mwa mafuta ndi feteleza wobwera kuno ku Malawi. Chuma cha m'madzi chimatha osaoneka. Mitengo ya mangrove, momwe tiana ta prawns timakulira, ikamadulidwa n'kuotchedwa makala, msodzi amadzazindikira patapita zaka, ukonde ukutuluka wopepuka. Ndipo madzi omwewo, akafunda kupitirira madigiri 26, amapatsa mphamvu namondwe. Namondwe wa Idai anaphwasula Beira mu 2019. Freddy mu 2023 anatulukira kufupi ndi Quelimane n'kudzapha anthu oposa 600 m'chigawo chakumwera kwa Malawi, ambiri mwa iwo osaionapo nyanja yamchere.

Ena amati dziko losauka lisadzivutitse, poti masetilaiti a mayiko olemera amaona zonse, ndipo machenjezo a namondwe m'dera lino amachokera kale ku Météo-France pachilumba cha Réunion. Pa zanyengo mfundoyi ili ndi mutu ndithu. Koma setilaiti siyeza kukula kwa maso a ukonde, siimitsa sitima yopha nsomba mozemba usiku, ndiponso sidziwa kuti prawns wa chaka chino ndi wamng'ono kuposa wa chaka chatha. Zimenezo zimafuna munthu wa sikelo ndi kope pagombe m'mamawa, boti lolondera lokhala ndi dizilo, ndi malipiro ofika pa nthawi yake. Poyerekeza ndi madola 2 biliyoni aja, izi n'zotchipa kwambiri, ndipo mwina n'chifukwa chake sizikopa akuluakulu osaina makontirakiti: pa sikelo ndi kope palibe chogawana.