Mufuna kuonetsa ana chipululu? Ulendo uyambira pa tebulo, osati pa boda

Mathiraki ambiri onyamula kopa amachoka ku Kopala, kudutsa mu Lusaka, Livingstone na Sesheke, mpaka kukatsitsa katundu pa doko la Walvis Bay ku Namibia. Motoka zina zimene muona mu tauni zinabwera na njira yomweyo. Njira imeneyi si ya mathiraki chabe. Kumapeto kwake kuli mapiri a mchenga wofiira, chigwa cha mchere choyera mbuu, na nyanja imene mwana wa mu Kanyama kapena mu Chawama amangoiona mu buku la sukulu.

Banja la munthu wa nchito lingakwanitse kufika kumeneko na Noah kapena Corolla, ngati motoka ili bwino. Koma chipululu sichimvera ija nkhani yathu yakuti "tizaonera kutsogolo". Kutsogolo kulibe kantemba, kulibe mnyamata womata matayala, nthawi zina kulibe na netiweki. Chimene simunakonze muli panyumba, simuzachipeza pa njira.

Yambani na kalenda

Ana amatseka sukulu mu April, August na December. Pa itatu iyi, August ndiye mwezi wabwino. Mvula kulibe, masana sikutentha maningi, ndipo nyama zimabwera zokha pa madzi chifukwa kwina konse kwauma. Vuto ni usiku. Mphepo ya mu chipululu imaposa ya June wa mu Lusaka, so mabulangeti, majuzi na zipewa za ana musasiye. December ni nkhani ina: kutentha kumafika madigiri 40, ndipo mwana wamng'ono kapena ambuya angadwale mu motoka momwemo.

Dziwaninso kuti August ni nthawi imene alendo ochokera kunja amadzaza mapaki. Misasa ya mkati mwa mapaki imayendetsedwa na kampani ya boma ya Namibia Wildlife Resorts, ndipo malo amatha miyezi ingapo nthawi isanafike. Ngati mufuna August, bukani chaka chikangoyamba. Livu ku nchito pemphani nthawi yomweyo, chifukwa ulendo uyu ufuna masiku 15, osati wikendi.

Mapepala a ana ndiwo amabweza anthu

Munthu wa pasipoti ya Zambia safuna viza kukacheza ku Namibia. Koma aliyense afunika pasipoti yake, ngakhale khanda la kumsana. Ku boda amafunsanso setifiketi yobadwira ya mwana aliyense. Apa ndiye mabanja ambiri amagwa, chifukwa kuno tinazolowera kadi ya ku kiliniki ija ya under-five. Kadi ija si setifiketi. Ngati ana alibe, pitani ku ofesi ya National Registration manje manje, mapepala a boma safulumira.

Ngati muyenda na ana koma atate awo kapena amai awo atsala, nyamulani kalata yolumbirira yakuti avomera. Chimodzimodzi mwana wa alongo anu amene mufuna apite nawo. Kuno tonse tidziwa kuti ni mwana wanu, koma wa imigireshoni aona dzina pa pepala chabe.

Motoka nayo ili na mapepala ake: white book, laisensi ya oyendetsa, na chiphaso cha Interpol chochokera ku polisi choonetsa kuti si yakuba. Ngati white book ili mu dzina la ba mulamu, la kampani kapena la banki, mufunika kalata yakuti akulolani kuitulutsa mu dziko. Polowa mu Namibia motoka yakunja imalipira ndalama ya msewu ku Road Fund Administration. Lisiti yake sungani bwino, amaifunsa pa marodibuloko na potuluka. Funsaninso a inshuwalansi anu ngati pepala lawo ligwira nchito kunja kwa Zambia, ndipo akuyankheni molemba.

Njira yake ili tere

Tsiku loyamba gonani ku Livingstone, makilomita pafupifupi 470 kuchoka mu Lusaka. Lachiwiri mupita ku Sesheke. Ni makilomita 200 chabe, koma msewu wa pakati pa Kazungula na Sesheke wakhala wodziwika na maenje kwa zaka zambiri. Funsani madalaivala a mabasi pa Intercity mmene ulili musananyamuke. Ena amazungulira pa buliji ya Kazungula, imene inatsegulidwa mu 2021, kulowa mu Botswana na kutulukira pa Ngoma, koma ni boda ina na ndalama zina.

Pa Sesheke muwoloka Zambezi pa buliji imene inatsegulidwa mu 2004, ndipo mukapita pa boda mwafika ku Katima Mulilo. Kumeneko amayendetsa kumanzere monga kuno, na nthawi pa wochi ni imodzimodzi. Kuchoka pa Katima kufika ku Rundu ni makilomita opitirira 500 a tara yowongoka, kudutsa mu paki ya Bwabwata kumene njovu zimadumpha msewu. Thirani mafuta pa Katima, onjezani pa Kongola kapena pa Divundu. Lamulo la ulendo wonse ni ili: mukaona filing'i sitesheni, dzazani thanki, ngakhale ili pa hafu. Ndipo usiku musayende. Ng'ombe, abulu na nyama za mu sanga zilibe malaiti.

Pakati pa Rundu na Grootfontein pali geti ya Mururani, pa mpanda woteteza matenda a ng'ombe. Nyama yaiwisi siloledwa kupita kumwera, amatsegula cooler box na kuilanda. Nyama ya braai gulani mukapitirira.

Etosha: khalani mu motoka

Kuchoka ku Rundu, kudzera ku Grootfontein na Tsumeb, muzafika ku Namutoni, msasa wa kum'mawa kwa Etosha. Paki iyi inakhazikitsidwa mu 1907. Pakati pake pali chigwa cha mchere chachikulu makilomita pafupifupi 4,800 mbali zonse, choyera mpaka maso kuwawa. Mu August nyama zimaunjikana pa zitsime za m'mbali mwake: mbidzi, nyamalikiti, njovu, nkhalamu. Simufunika kuzisakira. Imikani motoka pafupi na madzi, zimani injini, yembekezani.

Malamulo ni olimba. Mageti amatsegula dzuwa likatuluka na kutseka likalowa. Liwiro ni makilomita 60 pa ola. Kutuluka mu motoka ni koletsedwa kupatula mu misasa na malo a mpanda okhala na zimbudzi. Ndiye mwana akati "mami, nifuna kukodza" pakati pa sanga, yankho siingakhale kutsegula chitseko. Apititseni ku chimbudzi musananyamuke, ndipo kabaketi ka chivundikiro kakhale mu motoka. Mapulasitiki onyamuliramo zinthu nawo saloledwa mu mapaki a Namibia.

Konzani kuti usiku umodzi mugone ku Okaukuejo. Chitsime cha pamenepo chili na malaiti usiku wonse, ndipo anthu amakhala pa mabenchi kuseri kwa khoma kuonerera chipembere chikumwa madzi. Nsapato lowetsani mu tenti, nkhandwe za pa msasa zimaba.

Sossusvlei: ukani kukali mdima

Kuchoka ku Okaukuejo kupita ku Windhoek ni makilomita opitirira 400 a tara. Gulani zonse kumeneko, chifukwa kutsogolo mashopu ni ochepa ndipo ni odula. Kuchoka mu Windhoek kufika ku Sesriem, khomo la paki ya Namib-Naukluft, ni makilomita opitirira 300, ndipo mbali ina ni msewu wa miyala.

Msewu wa miyala ndiwo umagubuduza alendo ku Namibia. Umaoneka wosalala, dalaivala aponda, kenaka pa kona motoka iterera monga ili pa sopo. Musapitirire 80, ndipo na Noah yodzaza ana na katundu 60 ikwana. Musaponde buleki mwadzidzidzi. Yatsani malaiti ngakhale masana kuti akuoneni mu fumbi. Aliyense amange lamba, na amene akhala kumbuyo. Mwana pa miyendo, iyayi.

Paki iyi ni yaikulu makilomita pafupifupi 50,000 mbali zonse, ndipo mchenga wake UNESCO inauika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2013, mndandanda umene pali Mosi-oa-Tunya. Kuchoka pa Sesriem pali tara ya makilomita pafupifupi 60 yopita ku Sossusvlei. Pa kilomita ya 45 pali phiri la mchenga lochedwa Dune 45, limene ana akulu angakwere. Amene agona mu msasa wa Sesriem amaloledwa kunyamuka ola limodzi dzuwa lisanatuluke, pamene ogona kunja ayembekeza pa geti. Ola limenelo ni golide: mchenga ukali wozizira, ndipo mbali imodzi ya phiri ni yofiira, ina yakuda.

Makilomita 5 omaliza ni mchenga wakuya. Apa musachite matukutuku. Ngati motoka yanu si 4x4, isiyeni pa malo oimikapo, mukwere motoka zolipira zimene zimanyamula anthu. Mukatsika, muyenda pansi kilomita imodzi kufika ku Deadvlei, chigwa choyera mmene muli mitengo imene inafa zaka mahandiredi zapitazo koma sinawole chifukwa kulibe chinyontho. Pambali pake pali Big Daddy, phiri la mchenga lopitirira mamita 300. Valani nsapato zotseka, osati mapatapata. Ikamafika 11 koloko mchenga umawotcha mapazi, ndiye mukhale mwabwerera.

Pochoka, thirani mafuta pa Solitaire, mupite ku Walvis Bay pa msewu wa C14, makilomita opitirira 300 kuchoka pa Sesriem, ambiri a miyala. Mukafika, ana aone Atlantic. Madzi ake ni ozizira kwambiri ndipo mafunde ni amphamvu, so agwireni pa manja. Kubwerera ku Lusaka ni makilomita pafupifupi 2,000. Apatseni masiku anai.

Motoka na madzi

Pitani na motoka kwa makanika kukali mwezi umodzi, osati mailo lake la ulendo. Aone radiyeta na mapaipi ake, fani belti, mabuleki, mashoki na batire. Matayala a salaula amene mumazungulira nawo mu tauni sazapirira miyala yakuthwa. Nyamulani masipeya awiri, jeke yogwira nchito, kathabwa koikapo jeke pa mchenga, pampu na chingwe chokokera.

Madzi akumwa werengani malita 5 pa munthu pa tsiku, kuonjezapo chigubu cha malita 20 chimene simukhudza pokhapo zavuta. Ikani ma ORS mu chola cha mankhwala, pamodzi na mankhwala a BP kapena shuga a akulu okwanira masiku onse. Motoka ikafa pa njira, khalani pamenepo. Pangani mthunzi na chitenge, imwani madzi, yembekezani motoka ina. Motoka imaoneka patali, munthu woyenda pansi saoneka. Wina wa kunyumba adziwe kumene mugona tsiku lililonse, kuti mukakhala zii adziwe poyambira kufunsa.

Manje tikambe ndalama

Ulendo wonse ni makilomita opitirira 5,000. Ngati motoka yanu iyenda makilomita 10 pa lita, mufunika malita 500. Chulukitsani na mtengo wa lero, muone nambala. Pamwamba pake ikani ma toll gate a kuno, mapasipoti, ndalama za pa boda, malo ogona masiku 14, chakudya, na zolowera mu paki, zimene amalipiritsa pa munthu na pa motoka tsiku lililonse. Anthu a mu SADC amalipira zochepa kuposa ochokera kutali, ndiye onetsani pasipoti pa geti. Mukaphatikiza zonse, onjezani gawo limodzi pa magawo asanu la zadzidzidzi.

Dola ya Namibia ilingana na randi ya South Africa, ndipo randi amailandira mu mashopu. Nyamulani kadi ya banki na kashi, musadalire mobile money ya kuno. Madola a Namibia otsala athereni komweko, kuno azakuvutani kusintha.

Pochepetsa mtengo, gonani mu tenti, phikani mweka. Unga, kapenta na binzi zimayenda bwino, ndipo kasitovu ka gasi kaposa mbaula chifukwa kutola nkhuni mu paki ni mlandu. Mabanja awiri a motoka ziwiri ni bwino koposa: mugawana malo a msasa, ndipo imodzi ikafa ina ikoka. Chilimba cha chaka chimodzi chingalipire ulendo uyu. Kaloba iyayi. Kumbukirani kuti mukabwera, temu yachitatu itsegula mu September, na alandilodi ali pa chitseko.

Ngati nambala yakana, dulani ulendo. Etosha yeka, kupita na kubwera, ikwana mu masiku 10. Kapena wolokani pa Kazungula mupite ku Nata mu Botswana, makilomita pafupifupi 300 kuchoka pa buliji, mukaone m'mphepete mwa chigwa cha mchere cha Makgadikgadi. Mchenga wofiira uzakuyembekezani chaka chamawa, wakhalapo zaka mamiliyoni.

Sabata ino chitani chimodzi chabe. Tsegulani sutikesi ija ya mapepala ili pansi pa bedi, muwerenge: mapasipoti angati akali na moyo, ana angati ali na setifiketi, white book ili mu dzina la ndani. Mukapeza mayankho, itanani banja lonse pa tebulo na kalenda.