Ukavulala pa ntchito, sunga chikalata cha dokotala

Ndimamva chisoni ndikaona munthu amene makina anamudula zala akuuzidwa kuti akapume kunyumba, kenako malipiro n'kusiya kubwera. Ambiri amangoti ndi tsoka. Komatu lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 limati wovulala pogwira ntchito alandire chipukuta misozi kuchokera kwa womulemba ntchito, ndipo ndalamazo zimawerengedwa potengera malipiro ake ndi kukula kwa chilemacho.

Apa m'pamene loya amalimbana ndi mapepala. Kampani ya inshulansi ya womulemba ntchito siyang'ana bala, imayang'ana zimene dokotala analemba: tsiku la ngozi, chiwalo chimene chawonongeka, ndiponso ngati munthuyo angagwirenso ntchito. Chikalata chimenechi chikasowa, mlandu umafooka ngakhale chilonda chikuonekera poyera.

Kuchotsedwa ntchito ndi nkhani ina. Employment Act ya 2000 imafuna chifukwa chomveka, komanso kuti wantchito apatsidwe mpata wodziteteza. Wochotsedwa mopanda chilungamo akadandaule ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake pasanathe miyezi 3. Zikakanika kumeneko, nkhani imapita ku khoti la Industrial Relations Court.