Mtengo wa chithunzi suli mu kamera

Mwana wa mchemwali wanga ndi mphunzitsi wa pulayimale ku Nkhata Bay. Kujambula amangokukonda, ndipo kamera yake ndi yakale, adachita kugula kwa mlendo wina amene ankabwerera kwawo. Chaka chatha adajambula asodzi akukoka khoka m'mamawa, dzuwa likutuluka kumene kutsidya kwa nyanja, madzi onse ali psuu. Kumapeto kwa chingwe kudaima kamnyamata, phazi limodzi litazama mumchenga, mano ali gwa. Ine amene ndadyera kamera zaka zambiri ndidachita nacho kakaduka. Adachiika pa Facebook, ndipo pasanapite nthawi kampani ina yokopa alendo idamulembera kuti ikuchifuna. Adamutumizira K15,000 pafoni n'kumulonjeza kuti "tidzakutchulani dzina". Mwana adasangalala, n'kutumiza chithunzicho chathunthu tsiku lomwelo.

Mwezi watha adandiimbira. "Amalume, chithunzi chija ndachiona pachikwangwani chachikulu ku Lilongwe. Chilinso pakalendala yawo. Dzina langa palibe." Ndidamufunsa ngati adalemberana kalikonse. Ayi. Nanga adavomeranji ndalama imeneyo? "Inenso ndine ndani, amalume? Si ine katswiri. Ndimangojambula zocheza."

Mawu amenewa ndatopa nawo. Ndawamva kwa anamwino, kwa ophunzira a kukoleji, kwa oyendetsa alendo pa phiri la Mulanje amene amafika pa Sapitwa kuwala kudakali kwabwino pamene ife akatswiri tili m'bulangete ku Blantyre. Onsewa amakhulupirira kuti mtengo wa chithunzi umayendera munthu amene wachijambula. Akakhala wa situdiyo m'tauni, wa kamera ya mamiliyoni ndi jekete la matumba ambirimbiri, chithunzi chake n'chodula. Akakhala mphunzitsi wa foni m'manja, alandire ya fanta. Limeneli ndi bodza, ndipo amene amapindula nalo ndi wogula yekha. Munthu wodutsa pagalimoto pachikwangwani chija safunsa kuti wojambulayo ali ndi satifiketi yanji. Amangoona nyanja n'kuyamba kuwerengera za tchuthi. Chithunzicho chagwira ntchito yake yonse, ndipo kampani yakolola chimodzimodzi ngati ndikadachijambula ine.

Kumene kudachokera maganizowa ndikukudziwa. Ambirife tidakula ndi ojambula a panjinga, aja ankafika pamudzi Lamulungu anthu atatchena pochokera kutchalitchi. Amakujambula utagwira wailesi ya eni ake, n'kupita ndi filimu kutauni kukatsukitsa. Pakatha milungu amabwera ndi envulopu, iwe n'kulipira khadi lako. Mtengo udali wa pepala lija, mankhwala otsukira ndi thukuta la njinga. Ukalipira, chithunzi n'chako, ukachiike mu alubamu kapena pakhoma pafupi ndi kalendala. Pamenepo padalibe cholakwika, chifukwa chithunzicho sichinkapita kukagwira ntchito yopezera munthu wina ndalama. Vuto ndi lakuti muyeso wa khadi uja tautengera kumakampani. Banki ikafuna chithunzi, wojambula amawerengera ngati akugulitsa khadi limodzi, pamene bankiyo ikugula chinthu china.

Chimene kampani imagula timachitcha laisensi, kutanthauza chilolezo chogwiritsa ntchito chithunzi mwanjira yakutiyakuti, kwa nthawi yakuti, kumalo akuti. Chithunzicho chimakhalabe chako. Zili ngati kubwereketsa munda. Wofuna kachigawo kakang'ono kuti adzalepo mbatata dzinja limodzi salipira zofanana ndi wofuna munda wonse zaka zisanu, ndipo wonena kuti m'mundamo musalowenso wina aliyense, ngakhale mwini wake, ayenera kuwonjezera. Kugulitsiratu mundawo ndiye nkhani ina, ya mtengo winanso, ndipo munthu wanzeru amayamba wagona kaye asanayankhe. Pantchito yathu, kuti chithunzi chikhale cha kampani imodzi yokha timati exclusive, ndipo kugulitsiratu umwini wonse timati buyout. Makampani ambiri amalipira ngati akubwereka kachigawo, n'kumachita ngati agula munda wonse. Ena amatero mochenjera. Ambiri, kunena zoona, nawonso sadziwa. Mtsikana wa ku ofesi yotsatsa malonda amangouzidwa ndi abwana kuti "tapezani chithunzi cha nyanja", basi.

Malamulo ali mbali ya wojambula kuposa mmene anthu amaganizira. Lamulo la dziko lino loteteza ntchito za aluso, lomwe lidakonzedwanso mu 2016 kulowa m'malo mwa la 1989, limateteza zithunzi pamodzi ndi nyimbo ndi mabuku. Anthu akamva za COSOMA, bungwe loyang'anira lamuloli, amangoganiza za oyimba, koma ojambula nawonso ndi aluso pamaso pa lamulo lomwelo. Umwini umayamba pamene wadina batani. Sufunika kukhala ndi situdiyo kapena kamera yodula. Ndipo lamulo limati mwini ntchito ali ndi ufulu wotchulidwa dzina. Nchifukwa chake lonjezo lija lakuti "tidzakutchulani dzina" limandipsetsa mtima kuposa ndalama yochepayo. Akukulipira ndi chinthu chomwe ndi chako kale. Komanso tinene mosabisa: ndani adaimitsapo galimoto pa Chipembere Highway kuti awerenge tizilembo tating'ono ta m'munsi mwa chikwangwani? Pa zaka zonse zomwe ndagwira ntchitoyi, makasitomala anga abwera chifukwa wina adawauza pakamwa, osati chifukwa cha tizilembo timeneto.

Pali chithunzi chimodzi chimene pafupifupi aliyense amene adagwirapo kompyuta m'zaka za m'ma 2000 adachiona: kaphiri kobiriwira ndi thambo la buluu lokhala ndi timitambo toyera, kamene kankaoneka ukangoyatsa Windows XP. Adachijambula ndi Charles O'Rear ku California, ali paulendo wake wokaona bwenzi lake. Palibe adamutuma. Adangoima m'mbali mwa msewu chifukwa udzu udabiriwira bwino mvula itagwa. Patapita zaka zingapo, Microsoft idagula umwini wonse wa chithunzicho. Ndalama yeniyeni sidaululidwe, koma idali yochuluka moti makampani onyamula katundu adakana kunyamula filimuyo poopa kuti ikatayika sangathe kubweza, ndipo O'Rear adachita kukwera ndege kukaipereka yekha. Wina anena kuti iyeyo adali katswiri, adajambulirapo National Geographic. Inde. Koma Microsoft sidalipire mbiri yake. Idalipira chifukwa chithunzicho chinkapita m'makompyuta mamiliyoni ambiri, ndipo sinkafuna kuti wina achigwiritsenso ntchito. Kaphiri komweko, pafilimu yomweyo, kakadagulidwa ndi kasitolo ka m'deralo kuti kakhale papepala lotsatsira malonda, mtengo wake ukadakhala wa chakudya chamasana.

Tsopano pali chida chimene ogula amakonda kutiopseza nacho. Amati, "Pa intaneti zithunzi zili mbwee, zina zaulere." Sakunama. Kuyambira pamene iStockphoto idayamba mu 2000 ndi Shutterstock mu 2003, mtengo wa zithunzi wamba udagwa pansi. Mu 2020 Shutterstock idasintha kalipiridwe kake moti wojambula amatha kulandira masenti 10 a ku America pa chithunzi chimodzi. Unsplash imapereka zithunzi ulere. Ngati kampani ikufuna chithunzi cha kapu ya khofi kapena cha anthu ovala masuti akugwirana chanza, ipite komweko, sindingapikisane nawo. Koma taonani zikwangwani zathu. Kangati mwaona banja lomwetulira pachikwangwani cha kuno, inu n'kudziwiratu kuti nkhope izi, nyumba iyi ndi zovala izi si za kuno? Kampani ikafika pokulembera iweyo, mphunzitsi wa ku Nkhata Bay, ndiye kuti yafufuza kumene kuli zaulereko ndipo chimene ikufuna sidachipeze. Ikufuna bwato lathu, chitenje chathu, fumbi la msika wathu. Uli ndi chinthu chosowa, ndiye usanenerere ngati wopempha.

Bodza lina laling'ono, mphwake wa loyamba lija, ndi lakuti chilichonse chimene waika pa Facebook chasanduka cha aliyense. Poika chithunzi pamenepo umalola eni tsambalo kuchionetsa, koma sunalole hotela kapena kampani ya inshuwalansi kuchitenga. Chivomezi chitagwedeza dziko la Haiti mu Januwale 2010, wojambula wa komweko, Daniel Morel, adaika zithunzi zake pa Twitter. Mabungwe akuluakulu a AFP ndi Getty Images adazifalitsa popanda chilolezo chake. Mu 2013 khoti la ku New York lidagamula kuti amulipire madola 1.2 miliyoni. Sindikuti aliyense athamangire kukhoti, poti milandu imadya ndalama ndi nthawi, ndipo kuno ndalama zake sizingafike pamenepo. Ndikungoti amene wakutengera chithunzi ndiye wolakwa, iwe usachite manyazi pomufunsa.

Anzanga a ntchito ino nawonso ndili nawo mawu. Tikakumana timakonda kudandaula kuti "ana a mafoniwa atiphera msika". Zoona zilimo. Kamera, malenzi, mabatire, zonse timaitanitsa kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wa zipangizo udakwera nthawi yomweyo, pamene makasitomala adakakamirabe mitengo yakale. Munthu wolipira lendi ya situdiyo sangalimbane ndi wolandira K15,000 mosangalala. Koma mwanayo adzadziwa bwanji mtengo ngati ife timaubisa ngati mankhwala? Ukafunsa katswiri kuti adalipiritsa zingati pantchito yakuti, amangoseka n'kusintha nkhani. Ndiye tikudabwa chiyani wongoyamba kumene akamatchula mtengo wongolota? Kumunyoza sikukweza mtengo wa aliyense. Kumuuza manambala ndiye kungathandize, ngakhale ndikudziwa kuti ena a inu mundiimbira foni mukawerenga ndime ino.

Ndiye munthu alipiritse zingati? Apa ndiyankhula mosamala, chifukwa mtengo umodzi wokwanira paliponse kulibe, ndipo nambala iliyonse imene ndingalembe lero ikhala itatha mphamvu pofika chaka chamawa. Ine ndisanatchule mtengo ndimafunsa kaye. Chithunzichi chikaikidwa pati: pa Facebook pokha, m'nyuzipepala, pakalendala, pachikwangwani, papaketi ya katundu? Kwa nthawi yaitali bwanji? M'Malawi mokha kapena ndi kunja komwe? Ndingathe kuchigulitsanso kwa ena? Ndimafunsanso kuti akonza ndalama zingati, ndipo mungadabwe kuti ambiri amayankha. Kampani imene ikulipira malo a chikwangwani mwezi ndi mwezi, kulipira osindikiza ndi okhoma, singanene kuti ya chithunzi chenichenicho ilibe. Kwa ine, chikwangwani cha chaka chathunthu cha kampani yaikulu sichingatsike pansi pa kakhumi kuyerekeza ndi chithunzi chomwecho chitaikidwa pa Facebook ya kalesitilanti ka m'tauni. Umenewo ndi muyeso wanga, ena ali ndi wawo. Buyout ndimaipewa, ndipo wokakamira ndimamutchulira mtengo woti ine ndisadzadandaule ndikadzachiona paliponse mpaka kalekale.

Sindikuti muzikhwimitsa paliponse. Mayi wa kalesitilanti uja, sukulu ya kwanu, mpingo wanu, mukhoza kuwapatsa motchipa ngakhale ulere ngati mtima wanu wafuna. Chachikulu n'chakuti mukhale mutasankha nokha, ndipo munene malire ake.

Zomwe mwagwirizana zilembedwe. Sizifuna loya. Uthenga wa pa WhatsApp wonena kuti chithunzi chakuti, ntchito yakuti, miyezi yakuti, ndalama zakuti, winayo n'kuyankha kuti wavomera, ndi wabwino kuposa kugwirana chanza. Poonetsa chithunzi tumizani chaching'ono chokhala ndi watermark, dzina lanu lolembedwa mopyapyala pakati pake. Fayilo ya RAW, ija yosakonza yochokera m'kamera, musapereke, chifukwa ndiyo umboni wanu wakuti mudajambula ndinu. Ngati mudajambula muli pantchito ya abwana anu, kapena wina adachita kukutumani n'kukulipirani, yambani mwaona zomwe mudasainirana, poti pamenepo umwini ukhoza kukhala wa wina.

Pali china chimene ife ojambula timachiiwala tikamalira kuti atidyera masuku pamutu. Anthu amene ali pachithunzicho nawonso ali ndi mbali yawo. Kujambula munthu pamsika n'kuika m'nyuzipepala ngati nkhani ndi china, kuika nkhope yake pachikwangwani chotsatsa ngongole kapena mankhwala ndi chinanso. Pamalonda pamafunika chimene timachitcha model release, kalata yoti mwini nkhope wavomera, ndipo akakhala mwana asaine ndi makolo ake. Makampani ambiri akunja sagula n'komwe chithunzi chotsatsira malonda popanda kalata imeneyi. Mwini nkhopeyo mumupatsenso kangachepe, ndipo ndalamayo muiwerengere mumtengo wanu.

Pomaliza penipeni, kampani ikati "tumizani invoisi, tilipira kumapeto kwa mwezi", funsani ngati adulapo msonkho wa MRA, kuti ndalama ikabwera yoperewera musadabwe, ndipo akadula akupatseni kalata yake. Chithunzi chachikulu chija tumizani ndalama zikalowa, kapena theka lake. Kumapeto kwa mwezi kwa makampani ena kumafika patatha miyezi inayi.